Nyimbo Zimene Zidabisala pa Mawondo

Mkonzi atandikumbutsa kachitatu kuti nanenso ndiponyepo mawu m'kalata yathuyi, ndidaona kuti ndibwerere ku phunziro limene ambiri a ife tinkalikonda chifukwa cha nkhani zake koma tinkaliopa chifukwa cha zaka zoloweza, ndilo la Histole. Mukumbukira kuti dziko la Turkey tidakumana nalo pophunzira zimene zidayambitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914. Tidauzidwa kuti ufumu wa Ottoman udali munthu wodwala wa ku Ulaya, ndi kuti maiko amphamvu ankangodikira kuti atsirizike, iwo agawane chuma chamasiye. Tidalemba zimenezo pa mayeso, tidakhoza, n'kuiwala. Palibe adatiuzapo kuti wodwalayo adali katswiri wa zoimbaimba, ndi kuti atamwalira ana ake omwe adafuna kukwirira nyimbo zake pamodzi ndi mtembo.

Ine ndidadzazidziwa mochedwa, imvi zitayamba kale. Ndili pa ulendo wa ntchito mumzinda wa Istanbul, tsiku lina madzulo ndidatsika ndi msewu wotsetsereka wotchedwa Galip Dede, umene uku ndi uku ndi masitolo a zida zoimbira. Kumtunda kwa msewuwo kuli nyumba yakale ya mapemphero, Galata Mevlevihane, imene idayambika mu 1491 ndipo lero amasungiramo zinthu zakale. M'sitolo ina ndidamva mnyamata akuliza chitoliro cha bango chotalika ngati mkono wonse. Kulira kwake kudali kwachilendo, theka mawu theka mpweya, ngati munthu amene akulankhula uku akuusa moyo. Ndidafunsa dzina lake, adati ndi ney. Ndidagula chimodzi. Nditafika kunyumba ndidachiuzira sabata ziwiri zathunthu osatulukamo kanthu koma mphepo ndi chizungulire, adzukulu ali gubudugubudu ndi phwete. Manyazi amenewo ndiwo adandichititsa kuyamba kufufuza za chidachi ndi eni ake.

Pochiona ney n'chinthu chonyozeka. Ndi bango la zigawo zisanu ndi zinayi, la mabowo asanu ndi awiri, asanu ndi limodzi kutsogolo ndi limodzi kumbuyo la chala chachikulu. Kumutu amavekako kachipewa kosemedwa kuchokera ku nyanga ya njati, kotchedwa başpare, pomwe woimba amatsamiritsa milomo. M'kati mulibe kanthu kothandiza mawu ngati mwa wezulo. Woimba amapendeketsa bangolo n'kumauzira m'mphepete mwa kukamwa kwake, ndipo kaya lilira bwanji, zonse zili pa milomo ndi mpweya wa munthuyo.

Ulemu wa chidachi udachokera kwa Jalal al-Din Rumi, amene a ku Turkey amamutcha Mevlana, ndiye kuti mbuye wathu. Adabadwa mu 1207 kutali kum'mawa, ndipo banja lake lidasamuka m'masiku amene ankhondo a Mongol ankasesa maiko, mpaka lidakakhazikika ku Konya, pakati pa dziko la Turkey. Rumi adali mphunzitsi wolemekezeka wa malamulo a Chisilamu kufikira mu 1244, pomwe adakumana ndi mlendo woyendayenda, Shams wa ku Tabriz. Ubwenzi wawo udakhumudwitsa ophunzira ake, Shams adadzasowa osaonekanso, ndipo chisoni chidasandutsa mphunzitsi wa malamulo uja kukhala mlakatuli. Buku lake lalikulu, Masnavi, lolembedwa m'Chiperisiya m'magawo asanu ndi limodzi, limayamba ndi nkhani ya bango lodandaula kuti lidadulidwa n'kuchotsedwa kudambo kwawo. Otsatira ake amati bangolo ndi mzimu wa munthu umene udalekana ndi Mlengi wake. Rumi adamwalira pa 17 December 1273, ndipo usiku umenewo amautcha usiku wa ukwati, poti ndi pomwe bango lidabwerera kwawo.

Mwana wake, Sultan Veled, ndiye adalongosola otsatira a bambo ake kukhala gulu la dongosolo lotchedwa Mevlevi. Apa ndifotokoze kanthu kamodzi. Mumzikiti wa ku Turkey simulowa chida choimbira chilichonse. Mmenemo muli mawu a munthu basi: kuitanira mapemphero, kuwerenga Korani, ndi ndakatulo yonena za kubadwa kwa Mneneri, Mevlid, imene Süleyman Çelebi adalemba ku Bursa mu 1409. Zida zinkalira m'nyumba zina, zotchedwa tekke, za magulu a Asufi, amene amafuna kuyandikira Mulungu pobwerezabwereza maina ake. Inu amene mudakulira ku Mangochi kapena ku Machinga mukuidziwa sikiri. Liwu limeneli ndi lomwe lija la Chiarabu, dhikr, kukumbukira, ndipo gulu la Qadiriyya limene limachita mwambowu kwathu kuno lidali ndi nyumba zake ku Istanbul nakonso. Magulu ambiri ankangodalira mawu, mpweya ndi ng'oma ya m'manja. A Mevlevi ndiwo adapita patali, mpaka nyumba zawo zidasanduka sukulu zenizeni za zoimbaimba za ufumu wonse.

Kulowa m'gululi sikudali kwa masewera. Wofuna kukhala dede, mkulu wa m'nyumbamo, ankayamba ndi masiku 1,001 akutumikira kukhitchini: kusesa, kutsuka mbale, kukagula zinthu kumsika, kukonza nsapato za alendo pakhomo. Akathawa asadamalize, pobwerera ankayambiranso. Kukhitchini komweko ndi kumene ankaphunzira kuzungulira. Padali thabwa lokhomedwa msomali pakati, wophunzira n'kulowetsa msomaliwo pakati pa chala chachikulu cha phazi lamanzere ndi chinzake, n'kumadzikankha ndi phazi lamanja, tsiku ndi tsiku, mpaka chizungulire chidzamutaye.

Mwambo wawo, sema, uli ndi dongosolo losasintha. Umayamba ndi munthu mmodzi woimirira, akuimba yekha chitamando cha Mneneri popanda chida. Kenaka zimagunda ng'oma ziwiri zazing'ono zamkuwa zokutidwa ndi chikopa cha ngamira, zotchedwa kudüm, ndipo woliza ney amaimba yekha zochokera mumtima, zosakonzeratu, zimene amati taksim. Pamenepo onse amayenda pang'onopang'ono kuzungulira bwalo katatu, akuweramirana pamaso pa chikopa chofiira cha nkhosa pomwe pamakhala shehe. Akatha amavula mikanjo yakuda n'kutsala ndi zoyera. Chipewa chachitali amati ndi chiliza, mkanjo wakuda ndi manda, chovala choyera ndi nsanda. Amazungulira chakumanzere, dzanja lamanja litatambasukira kumwamba kulandira, lamanzere litaloza pansi kupereka, m'zigawo zinayi zotchedwa selam. Kuwerenga Korani ndiko kumatseka zonse. Nyimbo yaitali yotsagana ndi zigawo zinayizo imatchedwa ayin, ndipo kupeka ayin imodzi kudali chimake cha luso la woimba aliyense.

Chitamando choyambirira chija adachipeka ndi Buhurizade Mustafa Itri, amene adamwalira cha mu 1712. Iye ndiyenso mwini maimbidwe a tekbir imene khamu lonse limaimbira pamodzi m'mizikiti ya ku Turkey pa tsiku la Idi. Mu 2009 boma lidaika nkhope yake pa ndalama ya pepala ya 100 lira. Amanena kuti adapeka nyimbo zoposa 1,000, koma zimene zidatifika ndi za m'ma 40 chabe. Chifukwa cha kutayika kumeneku ndicho mutu weniweni wa nkhani yanga, koma ndiyambe ndafotokoza mmene nyimbozi zimamangidwira.

Ife amene tidaphunzira kuimba ndi doh, ray, me timadziwa kuti pakati pa doh ndi ray pali liwu limodzi lokha, lija la kabatani kakuda pa limba. Akatswiri a ku Turkey mpata womwewo amaugawa patisanu ndi tinayi, ndipo kuchokera pa doh wapansi kufika pa doh wapamwamba amawerenga mawu 24 otalikirana mosafanana. N'chifukwa chake khutu lozolowera kwaya limayamba laganiza kuti woimba waphonya. Sadaphonye ayi, tangokhala ife amene tilibe maina a mawuwo. Nyimbo iliyonse imayenda m'njira yake yotchedwa makam, imene imanena poyambira, popumira ndi pothera. Makam iliyonse ili ndi mtima wake. Ku Istanbul mwazini wodziwa ntchito amaitana mapemphero a mbandakucha mu makam ya Saba, yachisoni, ndipo a kulowa kwa dzuwa mu Segah. Kugunda kwa ng'oma nako kuli ndi malamulo ake, usul. Wina ndi wa kugunda kuwiri kokha, wotchedwa devr-i kebir ndi wa 28, ndipo wotchedwa zencir umafika 120 usadabwerere poyambira.

Zida zina zidapangidwa motsata mawu ang'onoang'ono amenewa. Tanbur ili ndi mimba yobulungira ndi khosi lalitali kwambiri lomangidwa timfundo tambirimbiri. Ud ilibe mfundo n'komwe, chala chimatsetsereka mwaufulu. Kanun ndi ngati bangwe wamkulu wa nsambo zoposa 70, woikidwa pamiyendo, wokhala ndi tizitsulo timene woimba amatembenuza nyimbo ili m'kati kuti akweze kapena kutsitsa liwu pang'ono. Kemençe ndi kaligo wa nsambo zitatu, amene nsambo zake sazipsinja ndi nsonga ya chala koma amazikhudza cham'mbali ndi chikhadabo.

Tsono funso ndi ili: nyimbo zovuta chotere, ayin yotha theka la ola kapena kuposa, ankazisunga bwanji? Yankho ndi liwu limodzi, meşk. Wophunzira ankakhala pansi moyang'anana ndi mphunzitsi wake, onse awiri akumenya mawondo ndi zikhatho, dzanja lamanja düm, lamanzere tek, motsata usul. Mphunzitsi aimba mzere umodzi, wophunzira abwereza, kakhumi, makumi awiri, mpaka walowa. Mawa mzere wina. Mawondowo ndiwo adali buku, chifukwa liwu lililonse lidali ndi malo ake pa kugunda, ndipo wodumpha kanthu manja ankamutsutsa okha. Mphunzitsi weniweni sankalipiritsa. Chimene wophunzira ankabweza ndi kusunga nyimboyo monga adailandirira ndi kudzaipereka kwa wina.

Si kuti njira yolembera nyimbo padalibe. Ali Ufki, mbadwa ya ku Poland imene idagwidwa ukapolo n'kukatumikira kunyumba ya mfumu m'zaka za m'ma 1600, adalemba nyimbo mazana m'zizindikiro za ku Ulaya. Dimitrie Cantemir, kalonga wa ku Moldavia amene adakhala zaka zambiri ku Istanbul nakhala katswiri wa tanbur, adapanga zizindikiro zakezake n'kulemba nyimbo pafupifupi 350 cha m'ma 1700. Pambuyo pake Hamparsum Limonciyan, woimba wa m'tchalitchi cha anthu a ku Armenia, adapanganso zina. Taonani kuti onse atatu adachokera kunja kwa Chisilamu kapena kunja kwa dzikolo. Eni ake ambiri pepala ankalikayikira, amvekere limasunga mafupa a nyimbo koma mnofu limausiya. Mtengo wa maganizo amenewa udali wowawa. Mkulu akamwalira asadapeze wophunzira woyenera, ankapita nazo kumanda, ndipo umo ndi mmene nyimbo za Itri zidathera.

Nyengo ya ulemerero idafika ndi Sultan Selim III, amene adalamulira kuyambira 1789 mpaka 1807. Mfumuyi idali ya gulu la Mevlevi, inkaliza ney ndi tanbur, ndipo idapeka ayin yakeyake mu makam imene idayambitsa yokha, Suzidilara. Mphunzitsi wake wa tanbur adali Myuda, Tanburi İzak, ndipo amanena kuti iye akalowa mfumu inkaimirira. M'masiku amenewo ndi mmene mudatulukira İsmail Dede Efendi, wobadwa mu 1778, amene adakwaniritsa masiku ake a kukhitchini m'nyumba ya Yenikapı, napeka ma ayin asanu ndi awiri ndi nyimbo zina mazana. Dzina limeneli mulisunge.

Nkhonya yoyamba idagwa iye ali moyo, ngakhale idagwera ena. Asilikali a mfumu otchedwa Janissary adali ndi bandi yawo, mehter, ya zitoliro zaphokoso zotchedwa zurna, malipenga, ng'oma zikuluzikulu ndi mbale zamkuwa zomenyanitsa. Phokoso lake lidaopsa Ulaya kenaka n'kumukopa, mwakuti Mozart, Haydn ndi Beethoven onse adalemba nyimbo zotsanzira. Ng'oma yaikulu ndi mbale zamkuwa zimene mumaona mu bandi ya apolisi pa perete zidalowa m'mabandi a Azungu kudzera njira imeneyo, ndipo dzina la Zildjian limene oimba ng'oma m'mabandi amalidziwa ndi la banja la ku Armenia limene lidayamba kusula mbalezi ku Istanbul mu 1623. Koma mu 1826 Sultan Mahmud II adathetsa a Janissary ndi mizinga, mehter n'kuthera pomwepo. Mu 1828 adaitana Mtaliyana, Giuseppe Donizetti, kudzayambitsa bandi ya chizungu. Tangoganizani, Azungu akutsanzira ng'oma za ku Turkey, eni ake akuitanitsa za Azungu! Kunyumba ya mfumu makutu adayamba kutembenuka. Dede Efendi atakalamba adanyamuka ulendo wa ku Mecca, ndipo adamwalira ndi kolera ku Mina mu 1846.

Nkhonya yaikulu idadza ufumu utagwa. Mustafa Kemal Atatürk adalengeza Ripabuliki pa 29 October 1923, ndipo cholinga chake chidali kumanga dziko latsopano loyang'ana ku Ulaya. Sindikufuna kumuchepsa munthuyu. Adalanditsa dziko limene adani adali atagawana kale pa mapu, ndipo mantha ake pa mashehe sadali opanda maziko, chifukwa kumayambiriro kwa 1925 Sheikh Said, mtsogoleri wa gulu la Naqshbandi, adautsa nkhondo youkira boma kum'mawa kwa dzikolo. Koma mankhwala ake adali otentha nkhokwe pofuna khoswe. Pa 30 November 1925 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo nambala 677, lotseka ma tekke onse ndi manda a anthu oyera, ndi kuletsa maina audindo monga shehe ndi dede pamodzi ndi zovala zake. A Mevlevi, amene sadaukire aliyense, adatsekeredwa limodzi ndi onse. Nyumba ya ku Konya kumene kuli manda a Rumi idatsekulidwanso mu 1927 ngati malo oonetserako zinthu zakale.

Sizidathere pa chipembedzo. Mlembi wina wotchuka, Ziya Gökalp, adali ataphunzitsa kuti nyimbo za m'mizinda za Ottoman n'zachilendo ndi zodwala, zotsalira za Agiriki akale a ku Byzantium, ndi kuti nyimbo zenizeni za fuko zidzabadwa pokwatitsa nyimbo za kumudzi ndi maimbidwe a ku Ulaya. Kunena kwathu, tsabola wakale sawawa. Mu 1926 sukulu ya zoimbaimba ya ku Istanbul, Darülelhan, idaletsedwa kuphunzitsa nyimbo za makolo. Mu 1932 kuitanira mapemphero kudasinthidwa kuchoka m'Chiarabu kupita m'chinenero cha dzikolo. Mu November 1934 nyimbo za chikhalidwe cha Turkey zidachotsedwa pa wailesi, ndipo chiletsocho chidakhala mpaka 1936. Anthu wamba sadatsutse, adangopotokola kabatani n'kumamvera wailesi ya Cairo. Chodabwitsa n'chakuti Atatürk mwini wake nyimbo zimenezi ankazikonda, ndipo oimba monga Safiye Ayla ankaitanidwa kukamuimbira pa chakudya chamadzulo. Zimene ankati n'zosayenera fuko ndi zomwe ankapumira nazo usiku.

Za kumudzi zidayenda mosiyana, ndipo ndizikhudze mwachidule. Chida cha kumudzi ndi saz, ena amati bağlama, ya khosi lalitali ndi mimba ngati chipanda. Kwa anthu otchedwa Alevi chida chimenechi n'chopatulika, mpaka amachitcha Korani ya nsambo, ndipo pa mapemphero awo, cem, amuna ndi akazi amakhala pamodzi woimba saz akutsogolera nyimbo. Boma saz lidaikonda chifukwa lidaiona ngati mawu a fuko. Lidatuma akatswiri m'midzi kukajambula nyimbo, ndipo mu 1936 ngakhale Béla Bartók wa ku Hungary adayenda nawo cha ku Adana. Âşık Veysel, Mu Alevi wa m'mudzi wa Sivrialan amene nthomba idamuchititsa khungu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, adasanduka woimba wa dziko lonse. Koma chimene chidalandiridwa ndi nyimbo, osati pemphero lake. Nyumba yaikulu ya Hacıbektaş idatsekedwa ndi lamulo lomwe lija, ndipo cem ankachitira mobisa, mlonda ali pakhomo. Chidani sichidathe msanga. Pa 2 July 1993 chikhamu cha anthu chidatentha hotela ya Madımak mumzinda wa Sivas, mmene mudafikira alendo a chikondwerero chokumbukira mlakatuli Pir Sultan Abdal, ndipo anthu 35 adafa, pakati pawo oimba saz otchuka Muhlis Akarsu, Nesimi Çimen ndi Hasret Gültekin.

Tibwerere kwa a Mevlevi. Nyumba zatsekedwa, sukulu yaletsedwa, wailesi yatseka pakamwa. Ma ayin adapulumuka bwanji? Apa ndi pomwe njira ija imene idataya nyimbo za Itri idasanduka chipulumutso. Wapolisi angathe kukhoma chitseko, kulanda mabuku ndi zipewa, koma mawondo a munthu sangawalande.

Tsatani mzerewu. Dede Efendi m'zaka zake zomaliza adaphunzitsa mnyamata wa ku Eyüp, dera lina la Istanbul, amene adadzatchuka ndi dzina loti Zekai Dede. Ameneyu adakhala mosungira nyimbo za mphunzitsi wake, ndipo adaphunzitsa pa Darüşşafaka, sukulu ya ana amasiye, mpaka imfa yake mu 1897. Mwana wake, Ahmed Irsoy, adalandira zonse kwa bambo ake, nakhala mkulu wa oimba kudüm ku Yenikapı. Lamulo la 1925 lidamupeza ali pa udindo umenewo. Sukulu ija italetsedwa kuphunzitsa, boma lidalola kabungwe kakang'ono kuti kazingolemba nyimbo zakale n'kusunga, ngati mmene amasungira mbiya zofukulidwa pansi. M'kabungweko mudali Irsoy ndi Rauf Yekta, wophunzira wina wa Zekai Dede. Akuluakuluwa adakhala pansi n'kukhutulira pa pepala zimene zidali m'mitu mwawo, ndipo m'zaka za m'ma 1930 adasindikiza ma ayin pafupifupi 40. Pomaliza pake mawondo ndi pepala zidagwirizana, moto utafika kale pakhonde.

Koma Irsoy sadadalire pepala lokha. Adaphunzitsa mwa njira yakale mnyamata winanso wa ku Eyüp, Sadettin Heper, wobadwa mu 1899. Oliza ney nawo adachita chimodzimodzi: Emin Dede, wa m'nyumba ya Galata ija ndidatchula poyamba, adapitiriza kuphunzitsa kunyumba kwake mpaka adamwalira mu 1945, ndipo mwa ophunzira ake mudali Halil Can ndi Halil Dikmen, amene adadzaphunzitsa Niyazi Sayın. Anthu awa masana adali makalaliki, aphunzitsi, ojambula zithunzi. Madzulo ankakumana m'zipinda za m'nyumba zawo, makatani atatsekedwa.

Mphepo idatembenuka mu 1950, pomwe chipani cha Democrat cha Adnan Menderes chidapambana chisankho n'kubwezeretsa kuitanira mapemphero m'Chiarabu. Mu December 1953 akuluakulu a mzinda wa Konya adalola kuti chikumbutso cha Rumi chichitike ndi nyimbo zake poyera, m'nyumba yoonetsera kanema, ndipo zaka zotsatira kuzungulira kudabwerera ndi zovala zake. Chilolezocho chidali ndi malire: ichi n'chionetsero cha chikhalidwe, si pemphero. Patapita zaka 28 chitsekereni nyumba zija, padafunika anthu odziwa dongosolo lonse kuyambira poyamba mpaka pothera. Adapezeka. Sadettin Heper adakhala pa kudüm, Halil Can adagwira ney.

Wotsiriza mumzere wanga ndiye amandigwira mtima koposa. Kâni Karaca adabadwira ku Adana mu 1930, adachita khungu ali khanda, ndipo adaloweza Korani yonse akadali mwana. Atafika ku Istanbul mu 1950 adadzakhala wophunzira wa Heper. Mabuku aja a m'ma 1930 kwa iye adali opanda ntchito, poti sakadatha kuwawerenga. Adalandira ma ayin monga Zekai Dede adawalandirira kwa Dede Efendi, khutu ndi mawondo, ndipo kwa zaka zambiri ndiye ankaimirira ku Konya kuimba chitamando cha Itri chotsekulira mwambo. Adamwalira mu 2004, mawu ake atajambulidwa kale mokwanira. Werengani nokha: Dede Efendi, Zekai Dede, Ahmed Irsoy, Sadettin Heper, Kâni Karaca. Anthu asanu okha, kuyambira kubadwa kwa woyamba mu 1778 mpaka imfa ya wotsiriza, zaka 226, ndipo m'kati mwake ufumu udagwa, zilembo za chinenero zidasinthidwa mu 1928, malamulo adaletsa. Mmodzi mwa asanuwa akadachita ulesi, kapena akadati ana a masiku ano ngosamva n'kungokhala chete, bwenzi tikunena zina.

Boma lidadzatsekula sukulu yake yoyamba ya nyimbo za makolo ku Istanbul mu 1976, patatha zaka 50 chiletsereni. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika sema m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo mu 2010 lidachita chimodzimodzi ndi semah, gule wopatulika wa a Alevi. Chaka ndi chaka mu December anthu zikwizikwi amakhamukira ku Konya. Komabe ndisakunamizeni kuti zonse zidabwerera. Nyimbo zidapulumuka, koma khitchini ija ya masiku 1,001 idapita. Ku Istanbul ndidaona zikwangwani zoitanira alendo kukaonera ozungulira pogula tikiti, ena mpaka m'malo odyera, anthu akutafuna uku munthu wavala nsanda yake akuzungulira. Zidandiwawa, ngakhale ndine mlendo pa chipembedzo chawo. Ndipo lamulo nambala 677 silidafafanizidwe, mwakuti pa pepala amene amazungulira ku Konya ndi ochita chionetsero, ngakhale milomo yawo ikuyenda ndi dzina la Mulungu.

Ney yanga ija idadzalira sabata yachitatu, liwu limodzi lokha, lonjenjemera ngati la mwana wa mbuzi, ndipo mpaka lero sindidapitirire pamenepo poti kuno ndilibe woti ndikhale naye moyang'anana. Ili pamwamba pa kabati. Ndidzabwera nayo ku msonkhano wathu wa pachaka, kuti aja munkadzitama ndi mpweya mu kwaya ya sukulu mudzayese.